Mabisiketi a Cokoleti ndi Walnut M'dziko la Nsawa

Kuno ku Cigawo ca Kum'mawa nsawa sitiziyesa cakudya capadera, pakuti zili paliponse monga mcere. Mwana akangoyamba kudya phala, amake amathiramo nsinjiro. Akasinkhuka pang'ono amadzikazingira yekha pa ciwaya. Mlendo akafika dzuwa litapendeka, timamuikira mbale ya nsawa patsogolo madzi a nsima asanawire. Nkhwani, mpiru, bowa wouma, ngakhale mbatata ya futali, zonsezi zimafuna kutendera, ndipo mbeu ya Chalimbana inachukitsa dera lathu mpaka kunja kwa dziko. Tsono owerenga okondedwa, ganizirani mmene tinamvera pamene mwana wathu wamkazi, amene amagwira nchito ya unamwino ku Massachusetts m'dziko la America, anatiuza kuti mdzukulu wathu wamng'ono sayenera kulawa nsawa ngakhale kanjere kamodzi.

Kodi cakudya cimene cinalera ife, makolo athu ndi makolo a makolo athu, cingasanduke bwanji ululu kwa mwana wa magazi athu omwe? Mwana wathu, pokhala namwino, anatifotokozera modekha. Pali ana ena amene thupi lao limaona nsawa ngati mdani wolowa m'mudzi usiku, ndipo limadzuka kulimbana naye ndi mphamvu yopyola muyeso. Milomo imatupa, khungu limacita ziwengo, ndipo zikafika poipa kum'mero kumatsekeka, mwana nkulephera kupuma m'mphindi zowerengeka cabe. Ncifukwa cake kulikonse kumene mnyamatayo apita, amake amayenda ndi jakisoni wa adrenaline m'cikwama.

Anansi ena titawauza anaseka, nati, "Amenewo ndi matenda a ana olera m'manja. Abwere kuno, phala la nsinjiro lidzamuciza." Mau oterewa ndi oopsa, ndipo sitinawasekerere. Muli kacoonadi pang'ono m'maganizo ao, koma kokhudza mwana wina. M'caka ca 2015 madokotala a ku London anafalitsa zimene anapeza atatsatira makanda oposa 600 amene anali pa ciopsezo ca matendawa: aja amene anayamba kupatsidwa nsawa asanakwanitse caka anapezeka nao matendawa mocepa kwambiri kuposa aja amene anawabisira, ndipo kusiyana kwake kunali pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Motero amai a kumudzi amene amathira nsinjiro m'phala la khanda akhala akucita kuyambira kale cimene anthu ophunzira anadzacitsimikiza pambuyo pake. Koma kumeneko ndi kuteteza khanda limene matenda sanaligwire. Mwana amene thupi lake linakana kale, kumupatsa nsawa ndi kumukankhira ku imfa.

Pamene anatilonjeza kuti adzabwera ndi ana onse awiri m'mwezi wa July 2024, nthawi imene masukulu a ku America amakhala pa chuthi cacitali, cimwemwe cathu cinasakanikirana ndi nkhawa. Gogo amadziwika ndi cimene amaturutsa m'nkhokwe. Ana awa anabadwira kutali. Pa Cinyanja amadziwa moni ndi zikomo basi, ndipo nsima amaidya monyinyirika ngati munthu womwa mankhwala. Tikacotsa nsawa pa zimene timanyadira kuphika, theka la ulemu wathu wacoka. Tidzawapatsa ciani cakuti akabwerera kwao azikakumbukira kuti kwa ambuya kuli kukoma?

"Amama, musadzivutitse," anatero mwana wathu pa foni. "Pali cinthu cimodzi cimene timaphika Loweruka lililonse. Mukaciphunzira, ana sadzacoka m'khichini mwanu." Anali kunena mabisiketi ofewa okhala ndi tizidutswa ta cokoleti ndi mtedza wochedwa walnut. Anthu a ku America amawachula cookie, liu limene anabwereka kwa anthu a ku Holland, lotanthauza keke yaing'ono.

"Mtedza uti tsono, mwanawe? Si wanena wekha kuti ndi woletsedwa?" tinafunsa.

Yankho lake linali lakuti dzina la mtedza likutisokoneza. Nsawa ndi mbale wa nyemba ndi nandolo, ndipo zimakhwimira pansi pa nthaka. Walnut ndi njere ya mtengo waukulu. Thupi lingakane cimodzi nkulandira cinzake, ngakhale kuti alipo ana ambiri amene amakana zonse ziwiri. Mdzukulu wathu anamuyeza madokotala, ndipo walnut anamuloleza. Tikuchula zimenezi kuti kholo lina lisawerenge nkhani ino nkukayesa lokha pa mwana wake.

Ife sitikonda kuphika cinthu cimene sitidziwa kumene cinacokera, ndipo titafufuza tinapeza kuti mabisiketi amenewa anabadwira pafupi ndithu ndi kumene mwana wathu amakhala. M'tauni yaing'ono ya Whitman, kum'mwera kwa mzinda wa Boston, mai wina dzina lake Ruth Wakefield pamodzi ndi amuna ake a Kenneth anatsegula nyumba yodyeramo apaulendo m'caka ca 1930, nayicha Toll House Inn. Inali nthawi imene cuma ca America cinali citagwa, koma nyumbayo inachuka cifukwa ca zakudya zake. M'buku lake la maphikidwe losindikizidwa mu 1938 ndi mmene munaoneka koyamba mabisiketi athuwa. Maiyo ankatenga cokoleti ca Nestlé, cosatsekemera kwambiri, nkucidula m'tizidutswa tokula ngati njere ya nandolo. Mu 1939 kampaniyo inagwirizana naye kuti izisindikiza maphikidwe ake pa pepala lokutira cokoleti, ndipo posakhalitsa inayamba kupanga timadontho ta cokoleti todula kale. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mabanja a ku Massachusetts ankatumiza mabisiketiwa kwa ana ao amene anali ku nkhondo, anyamatawo nkumagawira anzao ocokera m'madera ena, ndipo umu ndi mmene mbiri yake inafalikira m'dziko lonselo. Mai Wakefield anamwalira mu 1977, nyumba ija inapsa ndi moto usiku wotsiriza wa caka ca 1984, koma mu 1997, ana a sukulu ya pulaimale atapempha, boma la Massachusetts linakhazikitsa mwalamulo kuti amenewa ndiwo mabisiketi oimira dera lao.

Pali nthano imene anthu amakonda kusimba, yakuti maiyu anawapanga mwangozi: akuti anasowa cokoleti ca ufa, naponya zidutswa m'mbale poganiza kuti zidzasungunuka. Nthano imeneyi sitiikhulupirira. Ruth Wakefield anaphunzira za kaphikidwe ndi kasamalidwe ka pakhomo ku sukulu ya aphunzitsi ya ku Framingham, namaliza mu 1924, ndipo anagwirapo nchito yolangiza anthu za kadyedwe asanatsegule malo ake. Munthu wotere sangalephere kudziwa mmene cokoleti cimacitira pa moto. Iye mwini ananena kuti anali kufunafuna cinthu catsopano copatsa alendo ake m'malo mwa mabisiketi opyapyala a mtedza amene ankawapatsa kale. Koma dziko lili ndi cizolowezi cakuti mwamuna akapanga cinthu catsopano limati ndi nzeru, mkazi akapanga m'khichini limati ndi mwai. Aliyense amene anaphikako mabisiketiwa amadziwa kuti muyeso uliwonse uli ndi nchito yake, ndipo zinthu zokonzeka motero sizigwa m'mbale mwangozi.

Apa mpamene panali sukulu yeniyeni kwa ife. Maphikidwe athu ndi a diso ndi dzanja. Palibe mai amene amayeza ufa wa nsima. Mthiko ndiwo umamuuza kuti wakwana. Ngakhale cikondamoyo ndi zitumbuwa zimakhululuka ukaonjeza kapena kucepetsa pang'ono. Mabisiketi awa sakhululuka. Pamafunika fulawa magalamu 280, batala magalamu 225, shuga woyera magalamu 150, shuga wofiirira wonyowa pafupifupi muyeso womwewo, mazira 2, soda supuni ya tiyi imodzi, mcere supuni ya tiyi imodzi, vanila supuni ya tiyi imodzi, cokoleti magalamu 340, ndi walnut kapu imodzi. Pamenepa pamaturuka mabisiketi ang'onoang'ono pafupifupi 60. Tinagula kasikelo ka m'khichini cifukwa ca nchito imeneyi yokha, pakuti makapu a m'nyumba muno palibe awiri ofanana.

Batala ayenera kukhala wofewa koma wosasungunuka, wakuti cala cikamukanikiza cisiye cizindikiro koma cisalowe mpaka pansi. Timamupukusa pamodzi ndi shuga mpaka atayera nkukhala wopepuka. Cimene cimacitika ndi cakuti timiyala ta shuga timaboola batala nkusiya timaenje ta mpweya, ndipo timaenjeto ndito soda amadzatikulitsa pa moto. Amene asungunula batala kuti afulumire amataya mpweya wonsewo, ndipo mabisiketi ake amayala ngati cikopa. Ndi mthiko nchito imeneyi imatenga mphindi 10 kapena kuposerapo, ndipo mpamene mikono ya abambo imakhala ndi phindu m'khichini. Majarini wolimba wa m'pepala angalowe m'malo mwa batala, ngakhale fungo limacepa. Wofewa wa m'kambale uja nthawi zambiri amakhala ndi madzi ocuruka, ndipo satithandiza.

Shuga ndi wa mitundu iwiri pa cifukwa comveka. Woyera amaumitsa m'mphepete kuti muzithetheka. Wofiirira ali ndi manyuci akuda a nzimbe, amene amasunga cinyezi kuti pakati pakhale pofewa, ndiponso ali ndi kuwawasa pang'ono kumene kumadzutsa soda. Shuga wofiirira amene timamupeza kawirikawiri m'masitolo athu ndi wouma, wa timiyala, ndipo si yemwe maphikidwewa akunena. Njira yake ndi kuthira supuni yaikulu imodzi ya manyuci akuda mu kapu ya shuga woyera nkufikisa ndi zala mpaka afanane ndi mcenga wonyowa.

Mazira amalowa limodzi limodzi. Fulawa, soda ndi mcere zikalowa, dzanja liyenera kufatsa. Buledi amafuna kukanya kwambiri kuti fulawa atamuke. Mabisiketi akakanyidwa motero amalimba. Timangosakaniza mpaka fulawa wouma asaonekenso, nkuthira cokoleti ndi walnut, basi. Kenaka pamabwera lamulo lovuta kuposa onse, la kuvundikira mtanda wa fulawawo nkuugoneka m'firiji mpaka m'mawa. Mai Wakefield mwini analemba kuti ku nyumba yao ya alendo ankaugoneka usiku wonse. M'maola amenewo fulawa amamwa madzi a m'mazira, batala amalimbanso, ndipo mabisiketi amadzaturuka okhuthala, ofiira bwino, a fungo lakuya. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tinaonanso kuti muyeso wa ku Boston umafuna kuukonza pang'ono kuno kwathu. Boston ali m'mphepete mwa nyanja yamcere, pamene Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo pamalo okwera mpweya wa m'zophika umafufuma msanga. Timacepetsako soda pang'ono nkuonjeza fulawa masupuni awiri.

Tsopano tinene za walnut mwini, amene ambiri a ife sitinamuonepo ali pa mtengo. Cikhokho cake ndi colimba, ndipo njere ya m'kati ndi yopindikapindika ngati ubongo. Mtengowu kwao kwenikweni ndi ku Persia ndi maiko a pakati pa Asia. Ku California unafika ndi ansembe a cipani ca Fransisko Woyera cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo pafupifupi walnut yense amene America amagulitsa amacokera kumeneko, ngakhale dziko limene limakolola wocuruka kuposa onse ndi China. Mtengowu umafuna cisanu ceniceni ca miyezi ingapo kuti ubale bwino, ncifukwa cake sitiuona m'minda yathu. Timamupeza m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka, m'timapaketi tating'ono, ndipo mtengo wa kapaketi kamodzi sunali kutali ndi wa meda yathunthu ya nsawa. Munthu wa Kum'mawa kuno akamalipira ndalama zotere pogula mtedza, mtima umamuwawa ndithu.

Kulawa koyamba sikukopa. Kakhungu kake kopyapyala kali ndi kuwawa kothetsa malovu, konga kwa tiyi wofulidwa mopitiriza. Koma kuwawa kumeneko ndiko kumagwira nchito. Taganizani shuga magalamu 300 pamodzi ndi cokoleti conse cija: popanda comuletsa, kutsekemera kumeneku kumakola pakamwa munthu asanamalize bisiketi yaciwiri. Walnut amadula kutsekemerako, monga mmene ndiwo zowawira zimathandizira nyama yonona. Ali ndi vuto limodzi limene wogula ayenera kulidziwa. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a njereyi ndi mafuta, ndipo ndi mafuta amene amaonongeka msanga pa kutentha. Walnut wokhalitsa pa shelefu amanunkha ngati penti, ndipo mmodzi wotere amaononga mbale yonse. Timamununkhiza tisanamugwiritse nchito, timamusunga m'firiji m'botolo lotseka bwino, ndipo tisanamuthire timamukazinga pa moto wocepa mpaka fungo limveke. Akazizira timamuthyola ndi zala. Mu mtondo salowa, pakuti angasanduke ciponde.

Cokoleti naco cinatipeza pa caka coipa. Mu 2024 mbeu ya koko inakanika ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, maiko awiri amene amalima koko woposa theka la wa dziko lonse, ndipo m'mwezi wa March mtengo wake unapitirira madola 10,000 pa tani imodzi. Timadontho todula kale tija sitipezeka wamba kuno, koma sitidandaula. Timapangidwa ndi mafuta a koko ocepa kuti tisasungunuke, ndipo ife timaona kuti cokoleti cakuda codula ndi mpeni, monga ankacitira Mai Wakefield, cimaposa: zidutswa zazikulu zimakhala zofewa, nyenyeswa zake nkulowerera mu mtanda wonse. Cofunika koposa kwa ife cinali kuwerenga tizilembo ta kumbuyo kwa pepala. Mafakitale ambiri amapanga cokoleti ca nsawa ndi copanda nsawa pa makina amodzi, ndipo amalemba cenjezo. Ciliconse cokhala ndi cenjezo lotero tinacibweza pa shelefu.

Kutatsala milungu iwiri kuti alendo afike, nyumba yathu inasala nsawa. Matumba anasamukira kwa mlongo wathu. Mtondo ndi munsi tinabwereka anansi. Tinagula mithiko yatsopano ndi ciwaya catsopano, pakuti mtengo umamwa mafuta ndipo sungautsuke nkukhulupirira kuti wayera. Mapoto, mbale ndi matebulo zinatsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo pa botolo la mafuta ophikira tinawerenga kuti tidziwe mbeu imene anayengera. Ana a m'mudzi amene akanadzabwera kudzasewera tinawauziratu kuti azisamba m'manja ndi sopo asanalowe. Nkhwani za tomato ndi mafuta okha zinatikumbutsa cakudya ca kucipatala, ndipo mmodzi wa ife anapezeka kawiri konse akudya masana kwa mlongo wathu uja popanda cifukwa comveka.

Panatsala nkhani ya moto. Mabisiketiwa amafuna uvuni wotentha madigiri 190, kwa mphindi 9 mpaka 11. Koma 2024 cinali caka ca cilala, madzi anacepa ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Mtanda tinkauteteza poika mabotolo a madzi oundana mozungulira mbale m'firiji, citseko osatsegulatsegula. Za kuphika tinabwerera ku nzeru imene amai athu ankaphikira masikono: poto wamkulu wolemera pa mbaula, mcenga woyera wa kumtsinje pansi pake wokhuthala zala ziwiri, kathireyi pamwamba pa mcengawo, ndi cibvundikiro ca citsulo cokhala ndi makala amoto. Makala a pamwamba ayenera kucuruka kuposa a pansi, apo ayi pansi pa bisiketi pamapserera pamwamba pali paciwisi. Poto atenthe kaye mphindi 15 ali wobvundikira. Poyesa moto timawaza fulawa pang'ono pa thireyi: akafiira pang'onopang'ono, moto uli bwino, akada msanga, tiphule makala ena. Mumalowa mabisiketi 6 pa ulendo umodzi, otalikirana zala zitatu, motero mbale yonse imatenga masana athunthu.

Kuphula ndiko kumafuna kulimba mtima. Diso lozolowera zitumbuwa limafuna kudikira kuti paliponse pafiire. Mabisiketi awa timawacotsa m'mphepete mokha mutafiira, pakati pakuoneka ngati sipanapse, cifukwa amapitiriza kupsa ndi kutentha kwa thireyi. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu amalimba okha nkunyamulika.

Alendo anafika kukuzizira, ndipo Loweruka loyamba tinaturutsa mbale. Mtsikana, wa zaka 9, anatenga udindo wa sikelo, nkumatiyang'anira ngati kapitao. Mnyamata, wa zaka 6, anakhala pa mphasa nkumathyola walnut, ena akulowa m'mbale, ena m'kamwa. Mbaula inawadabwitsa kuposa ciliconse cimene anaona ku Zambia. Sanakhulupirire kuti cookie ingaturuke mu poto wa mcenga. Mtanda wauwisi tinawaletsa kunyambita, cifukwa mazira ndi fulawa zosapsa zingatsegule m'mimba, ndipo amao anatiikira kumbuyo. Mau a Cinyanja amene mabuku ndi foni zinalephera kuwaphunzitsa anayamba kulowa okha: sakaniza, bwera nao, usagwire, zapsa. Liu limene analimva kawirikawiri linali lakuti dikira, ndipo pomafika sabata yaciwiri mnyamatayo anali kuuza mlongo wake yemwe, cala cili m'mwamba, kuti, "Dikira!"

Pali cinthu cimene tinaciona pa mwana ameneyu cimene cinatilasa mtima. Asanaike kanthu kalikonse m'kamwa, ngakhale nthoci, ankayamba wayang'ana amake kuti amuvomereze. Anaphunzitsidwa motero, ndipo ndi cizolowezi cimene cimasunga moyo wake. Koma kwa gogo, kutambasula dzanja ndi cakudya mdzukulu nkuyang'ana kumbali kufunsa ngati cili cabwino, ndi cinthu colemera. Sitinanene kanthu. Amake anali atayendera khichini yonse tsiku lofika, atatsegula makabati ndi kuwerenga mapepala, ndipo anatiuza kuti, "Amama, Atate, mwacita zoposa zimene ndinapempha." Madzulo ena tinamva akuuza mwanayo m'Cingerezi kuti m'nyumba ya ambuya ake muli monga kwao. Pa kuphika kwacitatu, mbale itaikidwa pa mphasa, mnyamatayo analandira bisiketi ndi manja awiri monga tinamuphunzitsira, nati, "Zikomo, Ambuya," nkuluma maso ali pa ife. Tsiku lomwelo anadya nsima ndi nkhuku mpaka kupempha ina.

Fungo la batala ndi cokoleti silibisika, ndipo alendo atacoka amai a pafupi nafe anabwera kudzafunsa maphikidwe. Funso lao loyamba linali lomwe tinaliyembekezera: kodi nsawa sizingalowe m'malo mwa mtedza wodulawo? Zingalowe, ndipo mabisiketi ake ndi okoma ndithu, koma ndi mtundu wina. Nsawa zokazinga zili ndi kutsekemera kwaokwao ndipo zilibe kuwawa kuja, motero timalangiza kucotsako shuga woyera pafupifupi gawo limodzi mwa anai, kufikisa makhungu onse, ndi kusankha cokoleti cakuda kwenikweni. Amene aphikira gulu, monga pa phwando la ana, afunse kaye makolo ngati pali mwana wokana mtedza wa mtundu uliwonse, ndipo anene poyera cimene cili m'kati. Si onse amene amadziwa kufunsa monga mdzukulu wathu.

Ife eni timawaphika kamodzi pa miyezi ingapo. Ndi cakudya codula, ndipo mmodzi wa ife ali ndi matenda a shuga, motero gawo lake ndi bisiketi imodzi, atadya kale cakudya ceniceni, otsalawo nkuwerengedwa asanatsekeredwe m'citini. Mtondo unabwerera pakhomo, ndiwo zikutenderedwanso. Walnut amene anatsala tinamumaliza pa Khrisimasi ya caka comweco, pakuti sakanadikira ulendo wina. Koma mithiko iwiri, ciwaya ndi kathireyi kaja sizinakhudzepo nsawa. Zili pamwamba pa kabati, zokulungidwa mu citenje, ndipo aliyense wa m'nyumba muno amadziwa kuti sizibwerekedwa.